MMENE KOMPYUTA IWERENGERA MAKALATA A ZIZINDIKIRO

Munthu akalandira pepala la malipiro ace pa kutha kwa mwezi, maso ace aona msanga kuti apa pali dzina, apa masiku amene anagwira nchito, apa ndalama. Kompyuta iribe nzeru zotere. Kwa iyo pepala lonse liri mzere umodzi wautali wa malemba, ndipo siingathe kusiyanitsa nambala ya munthu ndi ndalama zace ngati siinauzidwe.

Cifukwa cace akatswiri anapangana kuika zizindikiro m'makalata. M'caka ca 1969 anthu atatu a kampani ya IBM ku Amereka, Charles Goldfarb, Edward Mosher ndi Raymond Lorie, anakonza njira yochedwa GML. M'menemo munatuluka SGML mu 1986, ndipo mu February 1998 bungwe la W3C linakhazikitsa njira yopepukirapo, dzina lace XML. Lamulo lace ndi ili: cinthu ciri conse cikhale pakati pa zizindikiro ziwiri, cotsegula ndi cotseka. Ngati malipiro ali makwaca 4500, alembedwa motere: <malipiro>4500</malipiro>. Zizindikiro zina zikhala m'kati mwa zinzace, monga malipiro m'kati mwa munthu, ndi munthu m'kati mwa gulu lace la nchito.

Inu a ku migodi mudziwa bwino mwambo wa pa bolodi: onse amene anatsika pansi ayenera kuwerengedwa kuti atuluka, ndipo ngati mmodzi asowa, miyala siiphulitsidwa. XML nayonso iri ndi mwambo wotere. Cizindikiro cotsegulidwa ciyenera kutsekedwa, ndipo comwe cinatsegulidwa pomarizira ndico ciyamba kutsekedwa. Cimodzi cikasowa, pulogalamu yowerenga ileka nchito nichula polakwapo. Ena aona ngati kuuma mtima, koma nkwabwino kuti makina aime kusiyana ndi kuti angoganizira ndi kupatsa munthu ndalama za mnzace.

Wolemba pulogalamu sayamba yekha nchito yonseyi. Atenga laibulale, ndiko kuti nkhokwe ya malangizo imene ena analemba kale ndi kuiyesa bwino. James Clark wa ku England analemba ina yochedwa Expat, ndipo Daniel Veillard wa ku France anatulutsa libxml2. Zonse ziwiri zipatsidwa kwaulere, ndipo zalowa m'makompyuta ndi m'mafoni osawerengeka.

Pali njira ziwiri zowerengera. Yoyamba, yochedwa DOM, itenga kalata yonse niimanga ngati mtengo wa tsinde, nthambi ndi masamba. Wolemba pulogalamu angathe kukwera nthambi iri yonse, kuidula kapena kulumikizapo yina. Koma kalata ikakula kwambiri, mtengowo udzaza malo onse okumbukira a kompyuta. Yaciwiri, yochedwa SAX, ifanana ndi lamba wonyamula miyala: zizindikiro zidutsa cimodzi cimodzi, pulogalamu itola cimene ifuna, zina zipita. Njira imeneyi ifuna malo ang'ono, koma cimene cadutsa sicibwereranso.

Tsono kalata itawerengedwa, ingathe kusandulizidwa. Pa nchito imeneyi pali cinenero ca XSLT, cimene cinakhazikitsidwa mu November 1999. Munthu alemba malamulo akuti, ukapeza cizindikiro ca malipiro, ucilembe m'bokosi lakuti. Potero kaundula mmodzi wa anchito abala pepala lopatsa mwini wace, uthenga wopita ku banki, ndi tsamba loonetsa pa intaneti, popanda kalaliki kukopera ndi dzanja. Paja pokopera ndi pamene nambala zambiri zisokonezeka.

Zimenezi ziri pafupi ndi munthu ali yense. Kalata yolembedwa ndi Microsoft Word kuyambira 2007 iri XML m'kati mwace. Mabanki nawonso atumizirana mauthenga a ndalama mwa dongosolo la ISO 20022, limene linayamba mu 2004 ndipo ligwiritsa nchito XML.

Koma ngozi iripo. Munthu woipa angalembe kalata yosakwana tsamba limodzi, yokhala ndi mau khumi. Liu loyamba liri "lol", kaseko ka Cingerezi. Laciwiri litanthauza loyamba lija kakhumi, lacitatu litanthauza laciwiri kakhumi, cimodzimodzi mpaka kumapeto. Laibulale yomvera zonse ikamasula liu lakhumi, ipeza "lol" okwana 1,000,000,000, ndipo kompyuta itsamwa nileka kutumikira anthu. Msampha umenewu uchedwa "billion laughs". Cifukwa ca iwo, malaibulale a masiku ano ali ndi malire a kukula kumene alola, ndipo wolemba pulogalamu wanzeru aletsa kumasula kotere pa kalata yocokera kwa mlendo.

Cinanso coyenera kudziwa ndi ici: malaibulale ambiri otere asamalidwa ndi anthu owerengeka, ena osalipidwa konse, ngakhale makampani akuru adalira nchito yao. Polakwa pakapezeka, iwo akonza natulutsa laibulale yatsopano, koma kampani imene icedwa kuiika ikhalabe ndi khomo losatseka. Cotero mwini nchito amene asunga malipiro a anthu pa kompyuta ayenera kufunsa akatswiri ace kawiri kawiri ngati zokonzazo zaikidwa, monga kapitao ayesa denga la mgodi anthu asanalowe.