Chiberekero Anachotsa, Koma Kuyezetsa Sikunathe

Pakati pathu pali amayi amene anawachotsa chiberekero madokotala atapeza kuti khomo lake layamba kuwonongeka. Ambiri anatuluka m'chipatala ali ndi maganizo akuti nkhani ya khansa yathera pomwepo. Nkhaniyi ndi ya kuchipinda, sitinazolowere kuikamba poyera, komabe tiyenera kuwongola maganizo amenewa.

Kachirombo ka HPV, kamene kamawononga khomo la chiberekero, kamathanso kusintha khungu la m'kati mwa njira yoberekera. Pamabuka timawanga tosapweteka, kawirikawiri kumtunda kwenikweni, pamene adokotala anasoka. Pamenepa khansa imakhala isanayambe. Achipatala amatcha vutoli VaIN ndipo amaligawa patatu. Gawo loyamba nthawi zambiri limazimirira lokha, koma lachiwiri ndi lachitatu lingasanduke khansa likalekereredwa.

Nanga n'chifukwa chiyani kwa mayi wina timawangati timatha, kwa mnzake timakula? Mayi amene anadwalapo kale pakhomo la chiberekero ndiye ali patsogolo, pakuti kachirombo sikachoka ndi mpeni. Mtundu wa kachiromboko ulinso ndi mbali yake: HPV ili ndi mitundu yoposa 100, ndipo wa nambala 16 ndiwo umapezeka kwambiri pamene matenda afika poipa. Mayi sasankha mtunduwo. Bambo angathe kukhala nako zaka zambiri popanda chizindikiro chilichonse, choncho tisafulumire kuloza mayi chala.

Chitetezo cha m'thupi chikafooka, kachirombo kamakhazikika. Bungwe la WHO likuti mayi amene ali ndi HIV angadwale khansa ya khomo la chiberekero kuwirikiza ka 6 kuposa amene alibe, ndipo kufooka komweko kumakulitsa timawanga ta m'njira yoberekera. Wakumwa ma ARV asadumphitse. Fodya nayenso, ngakhale ndi mbewu ya ndalama ku Angónia ndi ku Macanga, akasutidwa poizoni wake amayenda m'magazi mpaka kufooketsa khungu la kumeneko.

Kuyambira mu 2021 boma la Mozambique linaika katemera wa HPV pa ndondomeko yake, kuyamba ndi atsikana a zaka 9. Katemerayu amateteza, sachiritsa amene anatenga kale. Inu mayi amene munachitidwa opaleshoni, tengani khadi lanu lakale, mukawauze anamwino chimene anachotsera chiberekero, ndipo mufunse kuti muzibwera liti kudzayezedwa. Mukaona magazi kapena chikazi chachilendo, musadikire tsikulo.