Cipupa Cakuda Kapena Coyera M'kati mwa Nyumba?

CHIPATA — Mvula isanagwe, azimai a m'midzi yozungulira Chipata amakhala kalikiliki kufuna dothi lozirira nyumba. Ena amatsikira kudambo kukakumba makande akuda bii, ena amafuna dothi loyera kapena kugula laimu mumzinda. Abale ao a ku Lusaka, m'makomboni a Matero, Chawama ndi George, naonso amaima m'sitolo ndi funso lomweli: penti wakuda kapena woyera?

Okonda wakuda ali ndi cifukwa cao. Mwaye wa mbaula, zala za ana ndi matope a m'dzinja sizioneka pa cipupa cakuda, pamene coyera cimada msanga. Koma cipupa cakuda cimameza kuwala. Pa magawo 100 a kuwala kofika pa cipupa, coyera cimabweza pafupifupi 80, ndipo cakuda bii cimabweza ngati 5 cabe. M'kacipinda ka zenera limodzi, monga muli tambiri ta m'makomboni, nkhalamba imalephera kulowetsa ulusi m'singano ngakhale dzuwa liri pamutu.

Zimenezi zinaoneka bwino mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, magetsi nayamba kuzima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Ana a sukulu a ku Kalingalinga ndi Mtendere anabwerera ku kandulo monga anzao a kumudzi. Kandulo imodzi m'cipinda coyera imaunikira buku ndi ngodya zomwe. M'cipinda cakuda mwana amacita kukankhira buku pafupi ndi lawi, maso akuwawa.

Palinso nkhani ya malungo. Udzudzu ukamwa magazi umakonda kupumula pamalo amdima, ndipo pa cipupa cakuda suoneka. Pa coyera mwini nyumba amauona, pamodzi ndi nsikidzi ndi mphemvu. Komanso banja lofuna kupaka kapena kuzira licite zimenezo anthu a zaumoyo asanabwere kudzapopera mankhwala, pakuti penti kapena dothi latsopano limakwirira mankhwalawo, nchito yonse nipita pacabe.

Ku Kanyama, kumene madzi amasefukira m'nyumba mvula ikaculuka, bvuto ndi cinyontho. Penti wa mafuta, wakuda ndi woyera yemwe, amatupa ndi kusupuka pa cipupa conyowa. Laimu amalola cipupa kuuma, ndipo ngwocipa, ngakhale amayeretsa malaya a mlendo wotsamira.

Amisiri opaka masukulu ndi zipatala amagawa cipupa pawiri: penti wa mafuta wodera m'munsi, kufika m'cifuwa mwa munthu, wosavuta kutsuka ndi sopo, ndi woyera kumwamba konse. Azimai a kumudzi amacita comweco ndi dothi. Amazira mzere wa makande m'munsi, m'mene mumakhuza nkhuku ndi ana okwawa, nasiya kumtunda kuli mbee kuti koloboyi awale.