Buku la ku Alabama limene landikumbutsa za anamapopa pa Bvumbwe

Mwezi wathawu ndinatola buku pa mulu wa mabuku akale amene amayala pansi ku Limbe, chikuto chili chong'ambika. Dzina lake ndi To Kill a Mockingbird, analemba ndi mayi wa ku America, Harper Lee, ndipo linatuluka mu 1960. Ndinayamba kuliwerenga mu minibasi, pofika pa Chigumula n'kuti nditaiwala zoti kondakitala sanandipatse chenji. Nkhani yake ikuchitikira ku Alabama m'zaka za m'ma 1930, koma anthu ake ndimakumana nawo pamsika wa Bvumbwe tsiku ndi tsiku.

Kwa amene simunaliwerenge, nkhani ili motere. Tauni yake ndi Maycomb, yongopeka, yaing'ono, aliyense amadziwa agogo a mnzake. Wofotokoza ndi kamtsikana, Scout, mwana wa loya Atticus Finch. Munthu wakuda, Tom Robinson, amunamizira kuti wagwiririra mtsikana wachizungu, Mayella Ewell. Kukhoti Atticus aonetsa kuti mtsikanayo anavulala kumanja kwa nkhope, kutanthauza kuti womumenyayo ndi wamanzere. Mkono wamanzere wa Tom unapuwala kalekale atapanidwa ndi makina a thonje. Wamanzere ndi bambo ake a mtsikanayo. Umboni poyera choncho, koma gulu la azungu okhaokha oweruza mlanduwo limupezabe Tom wolakwa, ndipo pambuyo pake amuwombera akuthawa kundende.

Mlandu anali ataweruza kale m'makonde, kukhoti anangopita kukadinda chidindo.

Muli munthu winanso, Boo Radley, amene satuluka m'nyumba. Poti samuona, tauni yonse yamupekera mbiri, mpaka ana amakhulupirira kuti amadya amphaka osaphika. Kumapeto ndi yemweyo amene apulumutsa ana a Atticus usiku. Ine ndikuona kuti Boo ndi amene ali pafupi kwambiri ndi ife. Mudzi uliwonse uli naye wake: agogo okhala okha, mnyamata wa khunyu, kapena bambo amene wamanga ya malata anthu osadziwa kumene wapeza ndalama.

Tsono tibwere kwathu. Mu September 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje, n'kufalikira ku Phalombe, Chiradzulu, kuno ku Thyolo mpaka kukalowa mu Blantyre. Pofika kumapeto kwa October anthu osachepera 9 anali ataphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Ku Blantyre anawotcha mnyamata amene apolisi anati amadwala khunyu. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe, boma la Peter Mutharika linaletsa kuyenda usiku m'madera ena, ndipo apolisi anamanga anthu oposa 100. Madokotala anadandaula kuti anzawo akuchitidwa chipongwe chifukwa chonyamula kachipangizo komvetsera kugunda kwa mtima. Taganizani, chida chopimira odwala kusanduka umboni woti ndiwe namapopa. Wopopa magazi weniweni, wogwidwa ndi zida zake n'kutsimikizika kukhoti, sanapezeke ngakhale mmodzi.

Nthawi imeneyo ndinali kusekondale. Tinkagona panja m'magulu, moto uli pakati, wina akangoliza wezulo tonse dzambatu, miyala m'manja. Tsiku lina madzulo anyamata a m'dera lathu anaimitsa bambo wina wachilendo atabereka chikwama. Anamukhuthulitsa zonse pansi. Munali zovala, botolo la madzi ndi chaja ya foni. Wina anatola chajayo n'kuyamba kuonetsa anthu chingwe chake ngati wapeza paipi ya magazi. Ine ndinali pomwepo, sindinanene kanthu, ndipo kunena zoona mtima wanga unkafuna kuti apezeke nacho kanthu. Anapulumuka chifukwa mayi wina wogulitsa tomato anamuzindikira, n'kunena kuti, "Aaa, si amalume ake a uje awa? Anabwera pamaliro paja." Anthu anayamba kubalalika mmodzimmodzi.

Nditafika pa mutu wina m'bukumu ndinaliika kaye pansi. Gulu la amuna lipita kundende usiku kuti likaphe Tom, Atticus atakhala pakhomo yekha. Scout, osadziwa n'komwe chimene chikuchitika, azindikira bambo mmodzi pagulupo, Cunningham, n'kuyamba kumulonjera ndi kumuuza za mwana wake amene amaphunzira naye. Bamboyo achita manyazi, auza anzake kuti azipita. Ndi zomwe anachita mayi wa tomato uja. Pagulu aliyense amabisala mwa mnzake, koma akangotchulidwa dzina wina, kaya womenyayo kaya womenyedwayo, mwala umayamba kulemera.

Musaganize kuti zinayamba 2017. Chakumapeto kwa 2002 mphekesera yomweyi inazunguza maboma akummwera kuno, anthu akuti boma likusinthanitsa magazi ndi chimanga cha thandizo, ndipo mu January 2003 Eric Chiwaya, gavanala wa UDF mu Blantyre, anagendedwa. Kubwerera m'mbuyo, pa kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe pakati pa 1968 ndi 1970, kunamveka zoti magazi awo akupita ku South Africa kukabweza ngongole ya boma. Katswiri wa mbiri yakale, Luise White, analemba buku lonse, Speaking with Vampires, lotsata nkhani zoterezi m'nthawi ya atsamunda, kuphatikizapo za banyama ku Zambia. Mfundo yake ndi yoti mphekeserazi zimanyamula madandaulo enieni a anthu ogwiritsidwa ntchito yakalavulagaga ndi anthu amene sakuwamvetsa. Kuno sizovuta kuimva mfundoyi. Minda ya tiyi yatizungulira, yobiriwira mpaka kuphiri, pamene mabanja ambiri akulima kachigunda kosakwana n'komwe chakudya cha chaka. Mkwiyo ulipo ndithu. Vuto n'lakuti sufika kwa amene anauyambitsa, umagwera mlendo wa chikwama.

Lamulo lilipo, eti. Witchcraft Act ya 1911 imati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Koma mu January 2016 ku Neno anapha okalamba anayi a banja limodzi powaganizira kuti ndi amene anatumiza mphezi imene inapha mtsikana. Lero zafika pena chifukwa cha mafoni. Kale bodza linkayenda wapansi kuchokera pachigayo kupita pamjigo. Pano voisi noti imodzi, chithunzi cha munthu ndi mawu akuti "falitsani abale", pofika madzulo nkhope yake ili m'magulupu onse a WhatsApp kuyambira Thunga mpaka Limbe.

Bukuli lili ndi pofooka pake, ndisakunamizeni. Tom, mwini tsoka, salankhula zambiri, ulemu wonse ukupita kwa loya wachizungu. Komanso ndikudziwa kuti ma guy ena aliwerenga n'kumati mwaona, akazi amanama pa nkhani zogwiriridwa. Ayi aise, werenga bwino. Mayella anamenyedwadi, ndipo zonse zikuloza kwa bambo ake omubala. Tauni inasankha kupachika munthu wosavuta kupachika, n'kumusiya mtsikanayo m'nyumba yomweyo ndi womuzunzayo.

Bukuli ndili nalo, masamba awiri akumapeto ndamata ndi selotepi. Amene akulifuna andipeze mu inbox, koma libwere. Bambo wa chikwama uja sindinamuonenso pa Bvumbwe. Chaja yake anyamata aja sanamubwezere.