Nankafumbwe m'Nkhokwe ya Boma

Usiku wa pa 13 Seputembala, m'chaka cha 2013, mkulu woyang'anira dongosolo la chuma cha boma, a Paul Mphwiyo, adaomberedwa ndi mfuti pachipata cha nyumba yawo ku Lilongwe. Sadafe ayi, koma kulira kwa mfutiyo kudavundukula chinsinsi chimene chidagwedeza dziko lonse la Malaŵi. M'masabata otsatira apolisi adapeza mitolo ya ndalama m'nyumba ndi m'magalimoto a antchito ena a boma, ena mwa iwo akalaliki wamba a malipiro ochepa. Mlanduwu udatchuka ndi dzina lakuti Cashgate.

Kodi ndalamazo zinkatuluka bwanji? Boma linkalipira ngongole zake kudzera m'makina a kompyuta otchedwa IFMIS. Anthu osakhulupirika ankalemba macheke opita ku makampani amene sadagulitse kanthu kapena kugwira ntchito iriyonse ya boma. Chekeyo ikasinthidwa ku banki, ankafufuta zolembazo m'makinamo kuti phazi lisaoneke. Umu ndi m'mene nankafumbwe amadyera chimanga: nkhokwe imaoneka yodzaza kunja, pamene m'kati mwatsala gaga.

Boma lidakumana ndi mavuto atatu nthaŵi imodzi. Loyamba lidali la ndale. Anthu adakwiya, ndipo pa 10 Okotobala, 2013, Pulezidenti Joyce Banda adachotsa nduna zawo zonse. Posankha zatsopano adasiya kunja nduna ya zachuma ndi nduna ya zamalamulo. Komabe kusintha nkhope sikudabwezere chikhulupiriro. Pa chisankho cha mu Meyi, 2014, a Banda adakhala pa nambala yachitatu, ndipo a Peter Mutharika ndiwo adapambana.

Lachiŵiri lidali la chuma. Masiku amenewo pafupifupi magawo 40 mwa magawo 100 a ndalama zoyendetsera boma ankachokera ku maiko ndi mabungwe otithandiza. Iwoŵa adaimika thandizo lokwana madola 150 miliyoni. Boma la Britain lidalipira akatswiri oŵerengera ndalama a kampani ya Baker Tilly, amene adapeza kuti m'miyezi 6 yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala, 2013, ndalama zoposa K13 biliyoni zidasoŵa kapena kulipidwa mosayenera. Boma latsopano lidakakamizika kukonza bajeti ya 2014/15 posadalira thandizo lakunja lija. Amene adamva kuŵaŵa sadali akubawo ayi, koma mai wopeza chipatala chopanda mankhwala ndi mwana wophunzirira pansi pa mtengo.

Lachitatu lidali la malamulo. Bungwe lolimbana ndi ziphuphu pamodzi ndi oimira boma pa milandu adatengera anthu ambiri kubwalo. Mu 2014 a Treza Senzani, amene adali mlembi wamkulu mu unduna wa zokopa alendo, adavomera mlandu nalamulidwa kukhala m'ndende zaka 3. Mu 2015 wamalonda Oswald Lutepo adapatsidwa zaka 11. Akulu adati mlandu suola, ndipo izi zidaonekadi. Koma milandu ina idakokeka zaka zambiri, ndipo chuma chimene chidabwezedwa chidali chochepa pochiyerekeza ndi chimene chidapita.

Tikaika njira zitatuzi pamodzi, tiona kuti zonse zidadza madzi atatayika kale. Kuchotsa nduna kumaziziritsa mitima kwa kanthaŵi. Kuŵerengera kumatiuza kukula kwa bala. Bwalo limalanga wolakwa. Koma palibe mwa izi chimene chimabwezera mankhwala kwa wodwala wa dzulo. Chimene chikadateteza nkhokwe ndi ntchito yosatchuka ya tsiku ndi tsiku: wopempha ndalama asakhale yemweyo wovomereza, mabuku a boma ayerekezedwe ndi a banki mwezi ndi mwezi, ndipo wantchito woona choipa akhale ndi pokanena mopanda mantha.

Aŵerengi okondedwa, phunziro limeneli si la ku Capital Hill kokha. Komiti ya sukulu, gulu losunga ndalama pamudzi, kapena bungwe lirilonse lingathe kugwa chimodzimodzi ngati msungichuma safunsidwa malisiti chifukwa chomuopa kapena kumchitira manyazi. Inu makolo, mwana akabwera ndi galimoto loposa malipiro ake, funsani musanaimbe nthungululu. Inu anyamata ndi atsikana, maŵa cholembera cha boma chidzakhala m'manja mwanu. Zoloŵerani lero kubweza chenji chonse mukatumidwa kumsika.