Akatswiri a Ciwerengero Athandiza pa Nkhondo Yolimbana ndi Nyamakazi

M'makomboni a Lusaka monga Kanyama, Chawama ndi Kalingalinga muli azimai okalamba amene amaphwanya miyala kapena kutunga madzi tsiku ndi tsiku, koma akafuna kudzuka pamphasa m'mawa maondo amakana. Ena amati ndi ukalamba cabe, ena amaganizira mfiti. Madokotala akuti nthawi zambiri imeneyi ndi nyamakazi ya m'mfundo za mafupa.

Nthendayi imadza pamene mnofu woterera wokuta nsonga za mafupa uperepeseka, kotero kuti mafupa amayamba kukhuzana. Imakonda maondo, ciuno ndi zala.

Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linanena kuti m'caka ca 2019 anthu 528 miliyoni anali ndi nthendayi, ndipo 365 miliyoni mwa iwo anali kuvutika ndi maondo. Pa odwala 100 alionse, 60 anali akazi, ndipo 73 anali opitirira zaka 55.

Manambala otere sacokera m'mutu mwa dokotala mmodzi ai. Ndi nchito ya akatswiri a ciwerengero. Iwo amatenga zolembedwa m'mabuku a zipatala, nasanja odwala monga mwa zaka zao, kulemera kwa thupi ndi nchito imene amagwira. Kenaka amayerekeza odwala ndi anthu osadwala. Mwa njira imeneyi kunadziwika kuti kunenepa kwambiri, kuvulala kwakale pa bondo, ndiponso nchito yogwada ndi kunyamula zolemera zimasendeza nthendayi pafupi.

Komabe buku la cipatala lili ndi polekezera pake. Limawerenga okhawo amene afika pa cipatala ca Matero, ca Kanyama kapena pa University Teaching Hospital. Agogo amene ali gone m'nyumba ku George, kapena amene anabwerera kumudzi ku Katete, salowa m'bukumo. Cifukwa cace ofufuza amasankha nyumba mwa maere, kuti olemera ndi osauka, apafupi ndi akutali, onse awerengedwe.

Kalembera wa caka ca 2022 anapeza kuti m'Zambia munali anthu oposa 19 miliyoni. Boma likamagawa mankhwala ndi anchito a zipatala kwa anthu onsewa limayang'ana manambala. Wodwala amene sanalembedwe ali ngati kulibe.

Mankhwala obwezeretsa mfundo yotha palibe, koma ululu umacepa. Kuyenda pang'ono tsiku lililonse, kulimbitsa minofu ya ncafu, kucepetsa thupi, kuyenda ndi ndodo ndi kumwa mankhwala opha ululu monga mwa malangizo a cipatala kumathandiza. Bondo likatheratu, madokotala a mafupa amatha kuikamo mfundo yopanga.

Motero mabanja akupemphedwa kuperekeza okalamba ao kucipatala, kusunga bwino makadi ao, ndi kuyankha zoona pamene afunsidwa zaka ndi nchito yao. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko.