Mwana aphunzireko za cilengedwe, ngakhale adzakhale nasi kapena loya

Makolo ambiri m'makomboni a Lusaka akamva kuti mwana wapeza malo pa yunivesite, funso limakhala limodzi: adzagwira nchito yanji? Akamva za unasi, uphunzitsi kapena malamulo, mtima umakhala pansi. Koma mwana akanena kuti waonjezerapo maphunziro a kasamalidwe ka cilengedwe, ena amaona ngati akutaya ndalama za fizi. Maganizo amenewa afunika kuwaonanso bwino.

Pa yunivesite, wophunzira amakhala ndi phunziro lalikulu, limene amalichula kuti major, ndipo m'madigiri ena amasankhanso laling'ono, minor. M'maiko ambiri lerolino, phunziro laling'onoli likhoza kukhala sustainability. Kwa mlimi tanthauzo lake nlosavuta: idyani lero, koma musathe mbeu ya caka camawa. Ndiko kugwiritsa nchito nthaka, madzi ndi mitengo mwa njira yakuti adzukulu adzazipeze. Ganizoli linafala ndi lipoti la Brundtland la mu 1987, ndipo mu 2006 yunivesite ya Arizona State ku America inatsegula sukulu yake ya maphunzirowa. Amatengako pang'ono za sayansi, za cuma, za umoyo, za malamulo ndi za kakhalidwe ka anthu.

Nanga n'cifukwa ciani kusakaniza conco? Yankho lili ku Kanyama. Komboni imeneyi inakhala pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, ndipo madzi apansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikaculuka zimbudzi zimasefukira, zonyansa nkulowa m'zitsime zosazama. Mu Okutobala 2017 kolera inabuka ku Chipata Compound ndi ku Kanyama, ndipo anthu oposa 5,000 anadwala. Inabweranso mu Okutobala 2023. Ulendo uno odwala m'dziko lonse anaposa 20,000, omwalira anaposa 700. Bwalo la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu sanatsegule mpaka Febuluwale 2024.

Kodi vuto limeneli nlandani? Dokotala amaciza wodwala, koma wodwalayo akacira amabwerera ku citsime comwe cija. Wodziwa za miyala angakuuzeni mmene madzi amayendera pansi, koma sadziwa cifukwa cake mai wa ana asanu amatunga pa citsime m'malo mogula pa kiyosiki. Injiniya angakonze ngalande, koma ikadzala mapulasitiki nchito yake yapita pacabe. Loya adziwa lamulo, koma mwini nyumba zarendi wamanga cimbudzi cimodzi ca mabanja khumi. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Koma mitu ingathandizane bwanji ngati uliwonse sumva cilankhulo ca unzake?

Citsanzo cabwino cinaoneka ku Kanyama komweko mu 2013, pamene Kanyama Water Trust, mothandizana ndi kampani ya madzi ya Lusaka ndi bungwe la WSUP, inayamba nchito yopopa zimbudzi. Panafunika wodziwa zida zolowa m'tinjira topanikizika, woika mtengo umene wosauka angakwanitse, woteteza umoyo wa anchito, ndiponso wolankhula ndi eni nyumba. Palibe digiri imodzi imene imaphunzitsa zonsezi.

Alimi naonso amadziwa mmene mavuto amagwirana manja. Pa 29 Febuluwale 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, cimanga ca mahekitala pafupifupi 1 miliyoni citaonongeka. Madzi anatsika ku Kariba, kumene kumacokera magetsi athu ambiri. Malaiti atayamba kuzima maola ambiri pa tsiku, mabanja ku Matero, Chawama, Mtendere ndi George anadalira mbaula. Thumba lililonse la malasha lolowa mu Lusaka ndi mtengo umene wagwa kumudzi, ndipo munda wopanda mitengo susunga cinyezi. Koma woocha malasha si mdani: nthawi zambiri ndi mlimi yemwe uja amene cimanga cake cinapsa. Womuletsa popanda kumuonetsa kwina kopezera ndalama sanathetse kanthu.

Nanga kuno kwathu mwana angaphunzire kuti? Yunivesite ya Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966 ndipo inagundizana ndi Kalingalinga, ili ndi digiri ya Environmental Education ku sukulu ya zauphunzitsi, komanso dipatimenti ya jogirafe ndi zacilengedwe. Yunivesite ya Copperbelt ku Kitwe ili ndi sukulu ya zacilengedwe. Kasisi Agricultural Training Centre, imene aJezuiti anayambitsa mu 1974, imadziwika ndi ulimi wa manyowa wosadalira fetereza. Malamulo a kasankhidwe ka makosi amasiyana pa digiri iliyonse, conco mwana afunse pa nthawi yolembetsa ngati angatengeko makosi otere pambali pa phunziro lake lalikulu.

Za nchito tinene zoona: phunziro laling'ono silipatsa munthu nchito palokha. Cimene limacita nkunola phunziro lalikulu. Nasi wodziwa za madzi apansi amafunsa wodwala kumene amatunga. Mphunzitsi amaonetsa ana cifukwa cake zinyalala zimatseka ngalande. Mlangizi amamvetsa cifukwa cake mlimi wina amakana ulimi wa m'maenje ngakhale anaona zokolola za mnzake. Ndipo malinga ndi lamulo la zacilengedwe la mu 2011, limene linakhazikitsa ZEMA, omanga nyumba zazikulu, migodi ndi mafamu amafunika anthu odziwa kuunika zimene nchito zao zidzacita ku nthaka ndi madzi.

Inu a m'maparishi muli ndi mbali yanu. Papa Francis, m'kalata yake Laudato si' ya mu 2015, anaonetsa kuti kuonongeka kwa dziko ndi kuvutika kwa osauka ndi vuto limodzi. Itanani ophunzira a m'parishi mwanu pa holide adzayende nanu m'komboni. Muwaonetse pamene madzi amaima, zitsime zimene zili pafupi ndi zimbudzi, ndi pamene anthu amataya zinyalala. Akafika caka comaliza, alembe kafukufuku wao pa zimenezo, ndipo abweretse zimene apeza ku msonkhano wa mphakati mvula isanayambe.