MALIRE A KU MLOLO: ABALE AMODZI, UFULU PA NTHAWI ZOSIYANA

Munthu wa ku Mlolo m'boma la Chadiza akaoloka malire pa Chanida nalowa m'cigawo ca Tete, apeza Acewa anzace, olemekeza Kalonga Gawa Undi yemweyo. Koma mwana wa kuno aphunzira Cingerezi ku sukulu, pamene wa uko aphunzira Cipwitikizi. Gwero la zimenezi ndi pangano la 1891, pamene Britain ndi Portugal anagawana dziko la makolo athu ali khale kwao ku Ulaya.

Maiko a atsamunda sanali pa muyeso umodzi, ndipo dzina limene dziko linapatsidwa pa pepala linali ndi mphamvu yaikuru. Dziko lino linalamulidwa ndi kampani ya Cecil Rhodes kufikira 1924, pamene linasanduka dziko lotetezedwa ndi Britain, monga Nyasaland. Mau otsiriza anali ku London, osati kwa azungu okhala muno. Motero citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland citatha mu 1963, njira inatseguka: Malawi analandira ufulu pa 6 July 1964, Zambia pa 24 October.

Ku Southern Rhodesia kunali kwina. Azungu a kumeneko anapatsidwa boma lao-lao mu 1923, pamodzi ndi asilikari ndi apolisi. Ndico cace Ian Smith anatha kupandukira Britain mu 1965, ndipo Zimbabwe inabadwa mocedwa, mu 1980, mwazi utakhetsedwa. Njira ya ku mtendereyo inalambulidwa mu Lusaka, pa msonkhano wa Commonwealth wa 1979.

Apwitikizi ndiwo anaonjeza ukathyali. Mu 1951 anati Mozambique ndi cigawo cabe ca Portugal, ngati kuti Tete ndi Lisbon amwa pa citsime cimodzi! Potero anakana kukamba za ufulu, ndipo nkhondo ya Frelimo itakula m'Tete kuyambira 1968, ambiri anathawira kuno kwa abale ao. Ufulu wao unadza pa 25 June 1975.

Britain akali nazo zigawo 14 za kutali, zambiri zisumbu zazing'ono monga St Helena ndi Bermuda. Maiko amene anamasuka, ambiri analowa m'bungwe la Commonwealth. Mozambique, amene sanalamulidwepo ndi Angerezi, analowamonso mu 1995, pokhala atazingidwa ndi anansi olankhula Cingerezi.